Galimoto Yogona Pansi pa Mtengo wa Mango

Munthu aliyense amene wayendapo pa msewu waukulu wa M1 kuchokera pa Chingeni, kudzera pa Kampepuza ndi pa boma la Ntcheu mpaka kukafika pa Lizulu, ngati maso ake sanathere pa kabichi ndi mbatata ya kachewere yokha, waonapo chinthu chimene tifuna kukambapo lero pa tsamba lino. Kuseri kwa nyumba zina, pansi pa mtengo wa mango kapena pambali pa nkhokwe, pali kagalimoto kamene kanaima kalekale. Matayala ake anaphwa, mwinanso anachotsedwa n'kulezedwa malamba omangira katundu panjinga. Udzu unamera mozungulira, nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo ana a pakhomopo amalimbirana chiwongolero, kulira kwa injini kuli pakamwa. Eni ake mukawafunsa, yankho limakhala lomwelomwelo, lakuti adzakakonza akapeza ndalama. Chaka chimatha, china n'kubwera, ndipo mvula iliyonse imatengako gawo lake.

Masiku ano kwabuka anthu oyendayenda m'midzi ndi sikelo, ogula zitsulo zakutha. Kwa iwowa galimoto, khasu lothyoka ndi poto wobooka n'chimodzimodzi, pakuti zonse amaziyesa pa makilogalamu. Sitikuwadzudzula ayi, nawonso akusaka ya mchere. Koma maganizo athu ndi akuti banja limene lili ndi galimoto yotere lisafulumire kuipereka kwa iwo, makamaka ngati pakhomopo pali mnyamata kapena mtsikana amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akungokhala, ntchito osaiona. Galimoto yogonayo, ikagwiridwa mwanzeru, ndi sukulu ya ntchito zamanja imene yadzibweretsa yokha pakhomo. Zimene mwanayo angaphunzirepo zipambana kutali ndalama za pasikelo zija, zimene zimatha mlungu usanathe.

Tiyambe tanena mtundu wa galimoto zimene tikukambazi. Zambiri mwa izo ndi zija zazing'ono zodukira kumbuyo, zotchedwa hatchback, zimene kumbuyo kwake kuli chitseko chotsekukira m'mwamba pamodzi ndi galasi lake, kotero kuti mukapinda mpando wam'mbuyo mumalowa matumba a chimanga. Mwa izi muli Mazda 323, Toyota Tazz ndi Volkswagen Golf. Mbiri ya Golf ndi yochititsa chidwi. Inayamba kupangidwa ku Germany m'chaka cha 1974, kampani ya Volkswagen itaona kuti galimoto yake yotchuka ija, Beetle, yakalamba. Amene anajambula maonekedwe ake anali mmisiri wa ku Italy, Giorgetto Giugiaro. Injini anaiika kutsogolo mopingasa, yoziziritsidwa ndi madzi, ndipo matayala akutsogolo ndiwo amakoka galimoto yonse. Ku Ulaya atatulutsa mtundu wachiwiri m'chaka cha 1983, fakitale ya ku Uitenhage m'dziko la South Africa, tawuni imene tsopano itchedwa Kariega, sinataye mtundu woyambawo. Inapitiriza kuupanga n'kuutcha Citi Golf, kuyambira 1984 mpaka 2009, ndipo m'zaka 25 zimenezo munatuluka galimoto zoposa 370,000 zimene thupi lake silinasinthe kwenikweni.

Nanga kuno zinafika bwanji? Makolo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi ku Theba ankabwerako ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi majasi. Ana ndi adzukulu awo, amene anayamba kuthamangira ku Joni paokha m'zaka za m'ma 1990, khumbo lawo linali kubwera akuyendetsa galimoto, kudzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Galimoto imene munthu wogwira ntchito ya m'nyumba, ya m'sitolo kapena yosamalira maluwa akanaikwanitsa inali yomweyi. Tsono chitsulo chili pansi pa mango chija ndi thukuta la zaka zingapo la munthu wina kudziko la eni, amene mwina ankagona ndi njala kuti tsiku lina adzalize hutala pakhomo pa mayi ake.

Komatu chisoni pachokha si chifukwa chokwanira chowonongera ndalama. Chifukwa chenicheni n'chakuti galimoto zimenezi zinapangidwa mosavuta kuzimvetsa. Mukatsegula boneti ya Golf yakale, makamaka ija ya kabuleta, chilichonse chimaonekera poyera: apa polowera mafuta, apa pochokera moto, apa podutsa madzi. Munthu wokhala ndi masipanala ochepa, pulayala, sukuludiraiva ndi mtima wodekha angathe kuitsatira chiwalo ndi chiwalo. Galimoto zimene zadzaza misewu yathu lero, a Sienta, a Vitz ndi a Passo ochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, n'zabwino ndipo sizimwa mafuta ambiri, koma zikadwala zimafuna makina a kompyuta kuti anene pamene pakupweteka. Wophunzira sangayambire pamenepo. Ndiponso poti Citi Golf, Tazz ndi 323 zinapangidwa zochuluka kwa anansi athu kummweraku, zipangizo zake, zatsopano kaya zochotsa ku galimoto zina, sizisowa kwa munthu wodziwa kufufuza ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre kapena ku Biwi mu mzinda wa Lilongwe.

Tikudziwa kuti ena atitsutsa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Anena kuti ndalama zokonzera chigalimoto chakutha ndi bwino kugulira feteleza, kaya njinga yamoto ya kabaza imene iyamba kubweretsa ndalama mawa lomwe. Anena kuti zipangizo zonse za galimoto zimachokera kunja, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inakwera koopsa. Anenanso kuti galimoto yakale ilibe zotetezera anthu pangozi monga zimene zili m'galimoto zamakono. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sitikunena kuti galimoto iliyonse yogona iyenera kudzutsidwa. Ina yake inafa ndithu, ndipo kuiumirira n'kuthira madzi m'dengu. Chimene tikupempha n'chakuti chigamulo chiperekedwe galimotoyo itayesedwa, osati chifukwa chakuti wa sikelo wafika pa tsiku limene m'nyumba mulibe ndiwo. Ndipo ntchitoyi siifuna ndalama zonse nthawi imodzi. Miyezi yoyamba imafuna madzi, sopo, palafini wotsukira ndi manja basi.

Ntchito yoyamba siigwiridwa ndi sipanala. Galimoto zambiri zimene zinaima m'midzimu zinaima chifukwa mwini wake anatisiya, ndipo abale sanamvane kuti ikhale ya yani. Aliyense amaiopa poti ili ndi mlandu, koma tsiku limene idzalire injini, eni ake adzachuluka ngati nyerere pa fupa. Mnyamata asathire thukuta lake ndi ndalama za mayi ake pa chinthu chimene amalume kapena atate aang'ono adzabwera kudzachitenga chitayamba kuyenda. Banja likhale pansi, mwini mbumba ndi anyakwawa alipo, ndipo chimene agwirizana chilembedwe. Lamulo la chuma chamasiye la m'chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemuyo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. A ku ofesi ya DC amathandiza pa nkhani zotere. Kenaka pafunidwe mapepala a galimotoyo, buku lija anthu amalitcha blue book, ndipo nambala ya chassis ndi ya injini zolembedwa m'menemo zifanane ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo. Galimoto zina zinaima zili bwinobwino, vuto lake linali lakuti zinalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha kanthawi, msonkho wake osaperekedwa. Yotereyi, imene mwina idakali ndi nambala ya ku South Africa, mukafunse kaye ku MRA musanagule ngakhale bawuti imodzi.

Za pakhomo ndi za mapepala zikatheka, ndiye muyang'ane mdani wamkulu, dzimbiri. Potsegula zitseko muchenjere, pakuti galimoto yokhalitsa imasanduka mudzi wa mavu, njuchi, makoswe, mwinanso njoka imene yatsata makoswewo. Mutulutse mipando ndi makapeti onse, musese, mutsuke, kenaka mutenge sukuludiraiva muzibaya pansi ponse pamene anthu amapondapo, m'mbali mwa zitseko chakumunsi, pansi pa batire, mozungulira galasi lakutsogolo, ndi pamwamba pamene mashoko amamangirirapo. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi bulashi ya waya ndi sandipepa. Kabowo ka pansi kangathe kuwotchereredwa chigamba. Koma ngati sukuludiraiva ikulowa ngati m'dzungu lowola pamalo pamene pamagwira mashoko kapena miyendo ya matayala, galimotoyo msana wake unathyoka. Apo tivomereze, muchotse zipangizo zimene zili zabwino mugulitse pachokhapachokha, chigobacho ndiye mupatse wa sikelo. Ngakhale zitatero, wophunzira wathu sanataye kanthu, pakuti kumasula galimoto yonse ndi phunziro lalikulu kale.

Pano tiimepo pang'ono, chifukwa nkhani iyi ndi ya moyo. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangotsamira pa jeke, ndiponso asakhulupirire njerwa, ngakhale zootcha, pakuti zimaphwanyika mosachenjeza. Pafunika zitsa zolimba zodulidwa mosalala kapena miyendo yachitsulo yopangidwira ntchito imeneyi, pamalo athyathyathya ndi ouma, matayala otsalawo atatchingidwa ndi miyala. Powotcherera, thanki ya petulo ichotsedwe iikidwe kutali ndipo batire limasulidwe. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa, chifukwa mpweya wa petulo wotsalira m'katimo ndi umene umaphulika.

Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kubwereka batire kwa mnansi n'kuyamba kuliza injini tsiku loyamba lomwelo, pofuna kumva ngati idakali ndi moyo. Injini imene yagona zaka zisanu m'kati mwake ndi mouma, oyilo yense anatsikira pansi, ndipo mwina mapisitoni anagwirana ndi makoma ake. Kuikakamiza n'kuipha. Njira yake ndi kumasula mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'bowo lililonse, n'kuisiya masiku angapo. Kenaka muike sipanala pa bawuti yaikulu ya pule yakumunsi, muzungulitse injiniyo ndi manja pang'onopang'ono. Ikazungulira kawiri konse popanda kukakamira, sekererani, ndiye kuti ntchito ilipo. Ikakana, muwonjezere oyilo mudikirenso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyilo wakale achotsedwe pamodzi ndi sefa yake, ndipo asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena m'dimba. Lamba wa mano amene amayendetsa mavavu asinthidwe ngakhale akuoneka wabwino, poti mphira imakalamba ili chikhalire, ndipo pa injini zina lambayu akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni, zimene zimaononga ndalama zoposa mtengo wa lamba kakhumi. Mawaya onse ayang'anidwe limodzilimodzi, chifukwa makoswe amakonda kutafuna chikopa chake, ndipo waya wosenda ndiye amayatsa moto.

Za mafuta pali mfundo imene ikhudza ife Amalawi makamaka. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol. Chimenechi chimathandiza dziko kuchepetsa mafuta ogula kunja, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo wotere akakhalitsa m'thanki amasiya madzi pansi amene amadyetsa thankiyo dzimbiri cham'kati. Petulo wakale aliyense amaumanso n'kusanduka ngati ulimbo umene umatseka timabowo ta kabuleta. Tsono thanki itsitsidwe itsukidwe, mapaipi onse amphira odutsa petulo asinthidwe, sefa ikhale yatsopano, ndipo kabuleta imasulidwe pa nsalu yoyera, tizipangizo take tikuikidwa mwandondomeko monga momwe tachokera. Timabowo take tisatokosedwe ndi singano, chifukwa tikakula pang'ono pokha galimoto idzamwa mafuta ngati mchenga. Mapaipi a madzi opita ku rediyeta nawo afinyidwe ndi dzanja. Olimba gwa kapena ong'aluka achoke.

Tsiku limene injini idzalira, mudzi wonse udzasonkhana, ndipo chiyeso chidzakhala chachikulu chakuti galimoto ituluke ikaonekere pamsewu. Apa ndi pamene makolo ndi aphunzitsi ayenera kuuma mtima. Galimoto yoyenda koma yosaima ndi mfuti yotchera. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, ndipo pa zaka zimene galimoto yagona amakhala atadya tizitsulo ta m'kati ndi kufewetsa mphira zake. Buleki yotere imagwira kawiri katatu pabwalo, n'kudzakana pa chitsikiro. Boma la Ntcheu ndi la mapiri. Wochokera ku Lizulu kubwera pa boma amatsika, ndipo wopita ku Kasinje amatsika koposa. Misika yathunso ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ndipo anthu a m'boma lino sanaiwale chaka cha 2019, pamene lole inalowa pa msika wa Kampepuza n'kupha anthu ambiri. Choncho mafuta onse a mabuleki achotsedwe, mapaipi ndi mphira zisinthidwe, ndipo ntchito imeneyi, ngakhale mwana waigwira yekha, makaniko wodziwa adzaione ndi maso ake. Pa ichi chokha musaumire ndalama. Fumbi la m'mabuleki akale lisauziridwe ndi pakamwa, lipukutidwe ndi nsalu yonyowa, popeza lina limakhala ndi asbestos amene amaononga mapapo. Matayala nawonso ali ndi zaka zake zolembedwa m'mbali mwa manambala anayi: mukaona 2312, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2012, ndipo tayala lotere, ngakhale mano ake akuoneka, lapitirira msinkhu.

Penti ibwere pomalizira penipeni. Timaona achinyamata ena akuyamba ndi kupopera utoto wowala, kugula wailesi yaphokoso ndi kumata mawu pa galasi, pansi pali pobooka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yopaka pa dzimbiri imatupa mvula yoyamba.

Kwa inu aphunzitsi, makamaka a sayansi m'sukulu za sekondale zoyendera, zimene zambiri zilibe zipangizo zokwanira zophunzitsira, galimoto yotere ikakhala pafupi ndi sukulu yanu ndi mwayi. Zimene mumajambula pa bolodi ndi choko zili m'menemo zogwirika ndi manja. Mwana amene wazungulitsa injini ndi sipanala, chala chili pa bowo la pulagi, n'kumva mpweya ukumukankha, sadzaiwalanso kuti pisitoni imakoka mpweya ndi mafuta, imapanikiza, moto umayaka, kenaka utsi umatuluka. Amene wafufuza chifukwa chimene nyale yakumbuyo siikuyaka, n'kupeza kuti waya wopita ku thupi la galimoto wachita dzimbiri, wamvetsa kayendedwe ka magetsi kuposa woloweza. Pemphani eni ake kuti Loweruka lina mubwere ndi ophunzira anu, ndipo atsikana asaimirire kumbuyo atagwira majuzi a anyamata. Sipanala siifunsa kuti waigwira ndani. Chikhazikitsireni bungwe la TEVETA m'chaka cha 1999, maphunziro a ntchito zamanja akhala akulimbikitsidwa, ndipo sukulu monga Lilongwe Technical College ndi Nasawa ku Zomba zimaphunzitsa umakaniko, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Wachinyamata amene wadzutsapo galimoto pakhomo, akapeza malo kumeneko kaya pa galaja ya munthu, safika ngati mlendo.

Kwa inu achinyamata, gulani kope la masamba ambiri. Chilichonse chimene mwamasula mulembe kapena mujambule, mabawuti a malo amodzi muwaike m'chitini chimodzi cholembedwa dzina, ndipo tambala iliyonse imene yalowa ilembedwe pamodzi ndi dzina la amene waipereka, kuti mawa pasadzakhale mkangano. Popita kukagula chipangizo mutenge chakalecho m'thumba mukafanizire pa kauntala pomwepo, chifukwa Golf ya 1988 ndi ya 2005 zimafanana nkhope koma m'mimba zimasiyana, ndipo ulendo wa ku Blantyre wobwereza umadya ndalama ya chipangizo china. Pamene simukudziwa, pitani kwa amakaniko a pa boma kapena a pa Kampepuza mukafunse mwaulemu, ngakhale kutumikira kwa masiku angapo posinthana ndi nzeru zawo. Safunsa anadya phula.

Galimoto isanaponde msewu wa boma iyenera kukhala ndi inshuwalansi ndi chiphaso cha COF chochokera ku nthambi yoona za pamsewu, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi yake, osati kungodziwa kusintha magiya. Kuyesa koyamba kuchitikire pabwalo lathyathyathya, m'mawa ana asanadzuke, muli anthu awiri okha, mukuyenda pang'ono ndi kuponda buleki kawirikawiri. Mapepala akakwana, ulendo woyamba wa pamsewu ukhale waufupi ndipo usakhale pa tsiku la msika. Mukayenda makilomita asanu muime pambali, mutsegule boneti, mununkhize ngati pali fungo la petulo, muyandikize dzanja pa gudumu lililonse kuti mumve ngati lina latentha kuposa anzake, ndipo musuzumire pansi ngati pakudontha kanthu. Mayi a pakhomopo, amene akhala akusesa mozungulira galimotoyo zaka zonsezi, adzakwere pa ulendo wachitatu.